Tsamba la Maliro Limene Ndinadumpha

Lachinayi lililonse, tikatha kugawa tiyi wa mmawa, ndinkakoka mpando n'kukhala pambali pa bedi la amayi a m'chipinda chakumapeto kuti ndiwawerengere nyuzi ya kwawo. Uku kunali kunyumba yosamalira okalamba ku Edmonton, kumpoto kwa London, kumene ndakhala ndikugwira ntchito zaka zambiri, kuyendera kuchokera ku Barking pa sitima ndi basi. Amayiwa anali mzungu wa ku Amereka. Anabwera ku London ali mtsikana potsatira mwamuna wachingelezi, ndipo mwamunayo atamwalira anangokhalira konkuno. Maso anali atawathera, zilembo sankaziona. Koma mutu unali wakuthwa kuposa wanga, ndipo pakamwa pawo panalibe buleki.

Ankafuna kuti ndiziwatchula dzina lenileni, monga amachitira anthu akuno. Ndinayesa kamodzi, lilime linakana. Munthu wamkulu kuposa mayi anga ondibereka ndimutchule dzina ngati tinkasewera limodzi fulaye? Ndinkangoti mayi. Anadandaula sabata imodzi, kenako anazolowera.

Nyuziyo inali kanthu ka masamba ochepa, kotuluka kamodzi pa sabata m'boma limene anabadwira. Iwo ankati kaunti, koma atandifotokozera ndinaona kuti ndi boma basi, ngati kwathu ku Dowa. Mwana wawo wamwamuna, amene ankakhala ku Greenwich, ndiye anawaikira nyuziyo pa tabuleti. Nkhani zake zinali zoti ng'ombe za uje zathyola mpanda, tchalitchi chakuti chikazinga nsomba Loweruka, akuluakulu a boma akangana za mlatho. Tsiku loyamba ndinawauza kuti ine ndimayesa ku Amereka kuli nyumba zosanja zokhazokha. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kunena kuti kwawo chinthu chachitali kuposa zonse chinali chigafa cha fodya cha bambo awo.

Pa fodya m'pamene tinapezana. Atayamba kunena za utomoni wakuda umene umamata m'manja pochotsa mphukira, ine ndinamaliza chiganizo chawo. Anandigwira dzanja n'kulipapasa, ngati akufuna kupeza utomoniwo. Kuyambira tsiku limenelo tinkakangana ngati alimi oyandikana minda. Iwo kwawo amadula mtengo wonse wa fodya n'kuupachika m'chigafa, pamene ife timathyola tsamba limodzi limodzi n'kusoka. Ndinawauza kuti kudula mtengo wonse ndi ulesi. Anandiyankha kuti kuthyola tsamba limodzi limodzi ndi kusowa chochita.

Pang'ono ndi pang'ono boma lawolo ndinalidziwa ngati ndinabadwirako. Pakati pake pamadutsa mtsinje. Kalekale, pa nkhondo yapachiweniweni ya dziko lawo, a tsidya lino anamenyera mbali ina, a tsidya lija mbali inanso, ndipo mpaka lero tsidya lililonse lili ndi chipani chake. Anthu ambiri sakumbukanso chimene anayambanirana, koma povota salakwitsa. Banja la amayiwa linali ndi adani ake enieni, banja lina la tsidya lija, limene ankati agogo ake anasuntha mwala wa m'malire usiku umodzi. Amayiwa sankalitchula dzina banjalo. Ankangoti mbala zija.

Chimene chinandiseketsa kwambiri n'chakuti kumeneko amavotera chilichonse. Mkulu wa apolisi amamuvotera, woyang'anira ndende amamuvotera, ngakhale munthu woyeza mitembo amachita kampeni. Ndinawafunsa kuti woyeza mitembo amalonjeza chiyani pa msonkhano, anandimenya kambama kapamkono. Iwo, ngakhale anatha zaka zonsezi kuno, sanaphonyepo chisankho. Pepala lovotera linkawapeza pa positi, n'kulibweza pa positi.

Pa maudindo onsewo, umene unkawakhudza mtima unali wa woyang'anira misewu, ndipo anali msuweni wawo. Anakulira limodzi, ankadya m'mbale imodzi, ndipo ngakhale anali nkhalamba anthu ankamusankhabe. Nkhani inali pa msewu umodzi. Manda a banja lawo ali pamwamba pa phiri, ndipo msewu wokwera kumeneko ndi wafumbi, m'mbali mwake mulibe nyumba ngakhale imodzi. Mvula ikagwa umakumbika. Chaka chilichonse, lisanafike Lamlungu limene mabanja amakwera kukalambula kumanda n'kudyera komweko, msuweniyo ankatumiza thirakitala yopala msewu. Amayiwa ankafuna chinthu chimodzi chokha pa dziko lapansi, kuti akadzafa awotchedwe, phulusa lawo likaikidwe paphiripo pambali pa mayi awo. Zowotchazo ine zinkandinyansa, ndipo ndinkawauza. Koma zofuna kukagona kwanu, amene tili kunja kuno palibe amene sazimva. Madzi saiwala khwawa.

Msuweniyo ankawalembera kalata kamodzi pa chaka, pa Khirisimasi, ndipo pomaliza ankalemba mawu omwewomwewo, akuti bwera ndi miyendo kapena bwera m'chitini, msewu udzaupeza. Wachibale wina aliyense kumeneko anali atawaiwala. Mwana wawo sanapondeko chikulire.

Powerenga nyuzi lamulo linali limodzi: tiyambe ndi akufa. Ankati tsamba la maliro ndiyo nyuzi, zinazo n'zokutira. Ndinkawerenga dzina, iwo n'kundiuza kuti ameneyo anali mwana wa yani, anakwatira kuti, ndi wa tsidya liti. Wina ankamulira, wina ankangoti wachedwa.

Ndiye kunabwera Lachinayi lina m'mwezi wa Juni. Amayiwa anali atangotuluka m'chipatala kumene anagonekedwa ndi chibayo, mpweya ukadali wopereweza, supuni ikuwalemera. Ndinatsegula tabuleti, n'kupita pa tsamba la maliro, ndipo pamwamba penipeni panali nkhope imene ndinkaidziwa pa chithunzi cha pakhoma pawo. Chipewa chomwecho, makutu akuluakulu omwewo. Ndinayang'ana amayiwa, atatseka maso akudikira, manja atapinda pachifuwa. Chala changa chinangokankha tsambalo m'mwamba chokha. Ndinawauza kuti sabata ino amwalira awiri, n'kuwawerengera awiri apansiwo.

Sindinaganize n'komwe, ndipo ndisaname kuti ndinalimbana ndi mtima. Kwathu wodwala sauzidwa maliro. Umadikira apeze mphamvu, kenako akuluakulu amabwera, kukhala pansi, kuyamba ndi nkhani zina, n'kumufikitsa pang'onopang'ono. Ndinadziuza kuti ndidikira sabata imodzi kapena ziwiri, ayambe kaye kudya.

Ndinaululira munthu mmodzi yekha, mnzanga wa pa shifiti, mayi wa ku Chipata amene sabisa mawu. Tinali m'chipinda chochapira, akupinda matawulo. Sanandiyang'ane n'komwe.

"Iwe, aba bazungu sibabisana malilo," anatero. "Bauze chabe, uzagwa mu mulandu."

Ndinamuuza kuti iye sakudziwa kulera munthu wamkulu. Ndinapsa mtima ndithu, chifukwa pansi pa mtima ndinkadziwa kuti akunena zoona.

Sabata ziwiri zinakhala mwezi. Amayiwa anachira, anayamba kudya, anayambiranso kundinyoza za fodya, koma tsopano ine ndi amene ndinalibe mphamvu. Bodza lija linabereka ana. Nkhani ya msonkhano wa akuluakulu a boma ndinkaidumpha, chifukwa inkatchula munthu wogwirizira udindo wa misewu. Kalata ya banja yothokoza anthu amene anabwera kumaliro ndinaidumpha. Nyuzi inafupika mpaka amayiwa anadandaula kuti masiku ano atolankhani ndi aulesi. Tsiku lina anati msuweni wawo wangoti zii m'nyuzi, kapena wayamba kugona pa ntchito, n'kuseka. Inenso ndinaseka nawo, Mulungu andikhululukire.

Mu Ogasiti anandiuza kuti nditenge cholembera, tsiku lobadwa la msuweni wawo layandikira. Anandiuza mawu, ine n'kumalemba. Anamunena za makutu ake, anamukumbutsa tsiku limene anagwa pa bulu ali ana, anamuuza kuti asayerekeze kufa iwo asanafe chifukwa palibe wina wodziwa kupala msewu uja. Anasaina okha. Khadiyo ndinaiika m'chikwama changa. Inayenda nane pa sitima mmawa ndi madzulo kwa masabata asanu, ndipo ndikamafuna makiyi ndinkaikhudza.

Chinandigwira ndi pepala lovotera. Linafika kumapeto kwa Seputembala mu envelopu yaikulu, amayiwa n'kusangalala ngati mwana. Anati ndiwakhazike pa mpando wa pawindo, ndiwapese tsitsi, munthu savota ali chigonere. Ndinayamba kuwerenga maudindo ndi mayina, iwo n'kumandiuza poika chala chawo kuti adetse ndi cholembera kabowo kojambulidwa pambali pa dzina. Mkulu wa apolisi tinadutsa. Woyang'anira ndende tinadutsa. Titafika pa misewu panali mayina awiri, ndipo la msuweni wawo panalibe. Ndinawawerengera. Anati ndiwerengenso, ndinawerenganso. Kenako anatembenuzira nkhope kwa ine, maso osaona aja ali pa ine ndendende.

"Liti?" anafunsa.

"Mu Juni, mayi."

"Unaona?"

"Ndinaona."

Ndinayamba kufotokoza za chibayo, za mwambo wa kwathu, kuti ndinkaopa kuti mtima wawo uima. Anakweza dzanja kuti ndisiye. Sanakuwe. Bola akanakuwa.

"Anakupatsa ndani akufa anga kuti uziwasunga m'thumba?" anatero. "Miyezi itatu ndakhala ndikuseka munthu ali m'dothi. Tuluka."

Ndinatulutsa khadi ija m'chikwama, n'kuiika pa tebulo, n'kutuluka. Ndinakalira m'chipinda chochapira, mnzanga wa ku Chipata ataima pakhomo kuti wina asalowe. Sananene kuti ndinakuuza, ndipo pa chimenecho ndimamulemekeza mpaka lero.

Masiku atatu amayiwa anakana kuti ndiwakhudze. Kusamba, kudya, mankhwala, zonse ankafuna mnzangayo. Ndinkadikira kuitanidwa ku ofesi ya manijala, koma sanandinenere. M'masiku atatu amenewo ndinkangoganiza za bambo anga. Iwo anamwalira ku Dowa ine ndili kuno ndi pathupi pa miyezi isanu ndi itatu. Achemwali anga ankandiimbira foni n'kumati matenda akula pang'ono koma akumwa phala, pamene anthu anali atabwerako kale kumanda. Anandiuza mwana atatha mwezi. Chaka chathunthu sindinalankhule nawo achemwaliwo. Ndinkati anandibera maliro a bambo anga. Ndiye ine yemweyo, wodziwa kuwawa kwake, ndinakachita zomwezo kwa munthu wina, n'kumadzitcha wachifundo.

Tsiku lachinayi anandiitanitsa. Anati ndifufuze nyuzi ya Juni ija ndiwerenge zonse, osasiya ngakhale kadontho. Ndinakhala pa mpando wanga uja n'kuyamba. Ine ndemwe ndinali ndisanaiwerengepo nkhaniyo, ndinangoona nkhope n'kuthawa. Inanena za zaka zimene anagwira ntchito ya misewu, za tchalitchi chake, za agalu ake osaka. Kenako panabwera mndandanda wa amene wawasiya: ana, zidzukulu, mlongo wa mkazi wake. Pamapeto penipeni panalembedwa kuti wasiyanso msuweni wake wokondedwa ku Mangalande.

Ndinaima pamenepo. Amayiwa anati ndibwereze, ndinabwereza. Misozi inatsika n'kulowa m'makutu mwawo, poti anali chagada. Anati iwo ankayesa kuti kumeneko palibenso amene akudziwa kuti ali moyo. Apa m'pamene ndinaona kukula kwa chimene ndinawabisira. Ndinagwada pambali pa bedi n'kupepesa monga timapepesera kwathu, ndipo ndinawauza za bambo anga. Anandisisita kumutu n'kunena kuti ndidzuke, mawondo anga si a mtsikana.

Nkhaniyo inali isanathe. Pa mayina a amene ananyamula bokosi panali dzina la mkazi, ndipo linali la banja la tsidya lija. Amayiwa anadzidzimuka n'kufunsa kuti mwana wa mbala zija amafuna chiyani pa bokosi la msuweni wawo. Dzina lomwelo linali limodzi mwa awiri aja pa pepala lovotera. Tinabwerera m'nyuzi zonse zimene ndinadumpha, imodzi imodzi, masana onse. Tinapeza kuti mkaziyo ndi amene ankayendetsa thirakitala yopala misewu zaka zonsezi, pansi pa msuweni wawo. Tinapezanso kuti winayo, wa chipani cha banja lawo, munthu wobwera chaposachedwa kuchokera kutauni, ankalonjeza kuti boma lisiye kusamala misewu yopanda nyumba.

Anakhala nthawi yaitali cholembera chili m'manja. Chibadwire banja lawo linali lisanavoterepo munthu wa tsidya lija. Kenako anati ndiike chala chawo pa dzina la mkaziyo, n'kudetsa kabowo mwamphamvu mpaka pepala linatsala pang'ono kubooka. Anati bambo awo akawafunsa akafika paphiri paja, koma akayankha okha. Tsiku lomwelo anandilembetsa kalata yopita kwa mkaziyo, yomuuza kuti iwo ndi ndani, mayi awo agona pati, ndi chimene msuweni wawo anawalonjeza. Imeneyo ndinaiponya madzulo omwewo, ndipo ndinajambula bokosi la positi pa foni kuti mnzanga wa ku Chipata akachitire umboni.

Mkaziyo analuza chisankho. Ndinawawerengera zotsatira Lachinayi lake, osazungulira, ndipo anatukwana mawu amene sindingawalembe pano. Koma Khirisimasi isanafike kunabwera kalata ya mizere inayi. Mkaziyo anati agogo ake sanasunthe mwala uliwonse, anati udindo alibe, koma thirakitala yakeyake ali nayo pakhomo, ndipo angomuuza tsiku.

M'nyengo yozizira imeneyo amayiwa anayamba kutha. Zovala zinakula, chakudya chinkabwerera m'mbale. Dokotala anabwera, n'kukalankhula ndi mwana wawo pakhonde, chitseko chili chotseka. Mwanayo, maso ali ofiira, anatipempha ife ogwira ntchito kuti tisawauze kanthu, akuti asavutike mtima. Ndinaona kuti si ife tokha a ku Dowa amene timachita zimenezi.

Mawa lake ndikuwasintha mapilo anandigwira pamkono. Mphamvu zinali zitatha koma zala zinandikanikiza ndithu.

"Tsamba lina usadumphenso," anatero. "Lamlungu lolambula kumanda lija, ndilifika ndili moyo?"

Ndinayang'ana kuchitseko. Ndinaganiza za mwana wawo, za ntchito yanga, za lilime la kwathu limene lili ndi njira zambirimbiri zozembera funso lotere.

"Ine si dokotala, mayi," ndinatero. "Koma ndasamala anthu ambiri. Simulifika."

Anapuma mpweya wautali, n'kunena kuti zikomo. Kenako anati ndiimbire mwana wawo abwere lero lomwe, ndipo ndibweretse cholembera. Mwanayo ndinakamudikira pakhomo n'kumuuza ndekha chimene ndachita. Anandiyang'ana moipidwa, n'kulowa. Anakhalamo maola awiri, ndipo potuluka anandigwira chanza.

Masabata otsatirawo amayiwa anali otanganidwa kuposa manijala. Anauza mwana wawo njira yonse, pokhotera pa mlatho, nyumba ya mkazi wa thirakitala, mtengo umene uli kumutu kwa manda a mayi awo. Anasankha nyimbo. Anandilembetsa nkhani ya imfa yawo yoti ikatuluke m'nyuzi ija, akuti sangasiyire atolankhani aulesi. Titafika pa mndandanda wa amene awasiya anatchula mwana wawo, mpongozi wawo, kenako anatchula ine. Ndinaika cholembera pansi n'kuwauza kuti ine si wachibale, anthu akumeneko adzadabwa. Anati adabwe, akhala akudabwa ndi zochepa kwa nthawi yaitali. Anati ndilembe kuti mlimi wa fodya wa ku Malawi amene ankawawerengera nyuzi, ndipo anadumpha tsamba kamodzi kokha.

Anamwalira mitengo isanaphuke, masana, mwana wawo ali pambali. Ine ndi mnzanga wa ku Chipata ndi amene tinawasambitsa.

Patapita miyezi iwiri mwanayo ananditumizira chithunzi pa foni. Panali msewu wofiirira wokwera phiri, dothi lake likuoneka kuti langopalidwa kumene, ndi mayi wina wonenepa wa jinzi ataima pambali pa thirakitala, atanyamula kabokosi ndi manja awiri. Ndinachiyang'ana ndili m'basi mpaka ndinapitirira siteji yanga.

Nkhani yawo inatuluka sabata yomweyo. Lachinayi, titatha kugawa tiyi, ndinapita kuchipinda chakumapeto. Munali mutalowa kale munthu wina, bambo wachingelezi wosamva bwino, amene sankadziwa za fodya kapena za mtsinje uja. Ndinawapempha ngati ndingakhale pang'ono, anavomera ndi mutu. Ndinakoka mpando, n'kutsegula nyuzi pa foni yanga, n'kuyamba ndi akufa. Ndinawerenga mokweza, dzina lawo, dzina la mayi awo, phiri lija, mpaka mzere wanga womwe, osasiya ngakhale kadontho.